Mmene Tinagulila Nyumba Yopanda Denga ku Nyimba

Maekisi ofiila aja, zilembo za X zija, a m'komboni ya kuseli kwa msika ku Nyimba ndinapenta ndine. Onse, kuphatikizapo ya pachimbudzi cha chalichi ndi ya pa nkhumba. Ndikunena poyela chifukwa mpaka lelo alipo anthu amene amalumbila kuti anaona akatswili a misewu akutsika m'galimoto yoyela, ena amati analankhula nao, ena amati anawapatsa madzi akumwa. Kunalibe galimoto. Ndinafika wapansi, ndekha, penti ali m'chitini cha mkaka wa ana. Za madzi zokhazo ndiye zoona, ndinamwadi.

Koma tiyambile ku Petauke, kumene tinali ndi nyumba yathuyathu, ya njelwa zootcha, khonde lake lopakidwa polishi mpaka nkhuku kutelelekapo. Atate anaiika chikole ku banki n'kutenga loni yogulila kalole koti kazinyamula nshawa ndi chimanga kuchokela ku Msanzala ndi ku Sandwe. Kalole kaja kanapita ku Sandwe maulendo angapo, kenako njila ya kumeneko inakadya. Kanabwelako kakukokedwa ndi ng'ombe, n'kukhala pabwalo nkhuku zikuikilamo. Banki siidya mazila. Tsiku lina kunafika mabelifi, anthu aja otulutsa katundu wa munthu amene walephela kubweza nkhongole. Kabati ya amai inaima pamsewu mbale zili momwemo, aneba atadzaza ngati kuli mpila. Chimene sindiiwala n'chakuti atate anawathandiza kunyamula bedi. Anagwila kumutu, n'kumauza belifi wa kumiyendo kuti, "Samalani pakona apo bwana, mungagumule pulasitala." Pulasitala wa nyumba imene sinalinso yao.

Tinasamukila ku Nyimba, kuseli kwa shopu ya amalume, m'chipinda chimodzi chogawidwa ndi chitenje, limodzi ndi matumba a chakudya cha nkhuku. Amai anayamba kugulitsa nthochi pa siteshoni ya mabasi. Atate anachita lendi munda n'kumalima soya. Ine ndinaloŵa sekondale ndikununkha ngati mwanapiye. Amalume ndi munthu wabwino, koma akazi ao anali ndi kachifuwa kodabwitsa kamene kankawagwila pokhapokha wina wa ife akatsegula mpopi kapena chitseko cha chimbudzi. Zaka zonse zimene tinakhala kumeneko atate sanakhalepo pampando n'kutsamila. Ankakhala chakunsonga, ngati munthu wodikila kuitanidwa kuchipatala.

Ndili giledi ileveni, atate anapeza nyumba. Mwini wake anali mdala wina amene anagwila nchito yophika pasukulu ina mpaka kupuma, ndipo ankafuna kubwelela kumudzi kwao ku Mwape. Zipinda ziŵili zogona, pabalaza, chimbudzi chakechake. Tinapita kukaiona tonse. Atate ankagogoda zipupa ndi chala n'kumvetsela ngati akusankha chivwende. Anagwilizana mtengo, koma ndalama za atate zinali zosakwana mpaka atagulitsa soya, ndipo ku mabanki dzina lao linali litawola kale, sakanapatsidwa ngakhale mpando wokhalapo. Mdala anati adikila. Pobwelela atate ankaimba mluzu pamsewu, amai n'kumawatsina kuti anthu angaganize kuti amwa.

Ndiye kunabwela nesi. Mai wina wosamutsidwa kuchokela kumigodi ku Kopala, wa malipilo a mwezi ndi mwezi, amene banki inkamuthamangila yokha ndi loni. Anaiona nyumba ija, anaikonda, anati mwezi ukatha alipila zonse kamodzi. Mdala anayamba kusayankha foni ya atate. Atate akapita, ankauzidwa kuti wapita kumalilo. Mdala ameneyu anaika anthu ambili mwezi umenewo. Mluzu unatha.

Ine ku Petauke ndinaonapo msewu ukukulitsidwa. Ndinaona kuti kantini kalikonse kamene kapentedwa ekisi yofiila, masiku ake atha, ndipo palibe munthu wanzelu amene angakagule. Nzelu yanga inali yaing'ono ndiponso yaukhondo: ekisi imodzi pachipupa cha mdala, nesi athawe, atate agulitse soya, tigule nyumba, ine ndifafanize ekisi. Palibe wovulala.

M'sitolo ya amalume munali chijaketi chonyezimila ndi helemeti yonga ya omanga nyumba, zimene mnyamata wina wa njinga yamoto anasiya, tepi yoyezela, ndi penti wotsala pa chitseko cha shopu. Ndinawonjezapo masiki yotsala nthawi ya kolona. Loŵeluka m'mawa ndinauza amai kuti ndikupita kukaŵelenga ndi anzanga. Ndinavalila kuseli kwa chigayo.

Ndikuuzeni chinthu chimene kusukulu saphunzitsa. Munthu akavala chijaketi chonyezimila, nkhope yake imatha. Mdala yemweyo amene anandigwila chanza tikuona nyumba, anandiona ndikutambasula tepi pabwalo pake n'kuvula chipewa.

"Mwauka tyani, abwana?"

Ndinangogwedeza helemeti.

"Nikugwilileni uku?"

Anagwila nsonga ya tepi n'kuthamanga nayo mpaka pakona. Ine ndinayang'ana manambala, kuyang'ana kumwamba, n'kunena mau amene ndinakumbukila a m'kalasi ya jogilafe. "Kontuwa," ndinatelo. "Hmm. Kontuwa." Kenako ndinamupatsa chitini kuti agwile, n'kupenta ekisi yaikulu pakati pa windo ndi chitseko. Anagwila chitinicho ndi manja aŵili, mwaulemu.

"Abwana, ni za chani izi?"

"Mudzamva."

Ndikanathela pamenepo. Koma nditaima patali n'kuiyang'ana, ndinaona kuti ekisi imodzi ikuoneka ngati chidani. Msewu sudya nyumba imodzi, umadya mzela. Ndinapenta ya aneba a kumanja. Ndinapenta ya aneba a kumanzele. Pofika nyumba yachinayi ndinali ndi gulu: wina wonyamula tepi, wina wothamangitsa ana, amai ena akunditsatila ndi mpando kuti mwina ndingatope. Aliyense wofunsa ndinkamuyankha chimodzimodzi, "Mudzamva," ndipo amene amva kale ankathandiza kuuza ofika kumene, "Akuti tidzamva."

Pa nyumba ina panali galu wa maso oipa, ndiye msewu wanga unakhota pang'ono. Patsogolo dzuwa linaŵala kwambili, msewu unatsata mthunzi. Unadutsa pachimbudzi cha chalichi, pa khola la nkhunda, pa thanki. Kumapeto kunali nkhumba yaikulu itagona pakati pa njila, yokana kusuntha. Mwini wake anafunsa, "Nayo, bwana?" Ndinaiyeza kuchokela kumphuno mpaka kumchila n'kunena kuti ili pa mzela. Penti anathela pamsana pake.

Za nesi zinayenda monga ndinakonzela. Anafika Lolemba, anaona ekisi, anati, "Awe mwandi, ine sinigula fumbi," n'kukwela takisi. Tsiku limenelo ndinayenda ngati munthu amene wakhoza mayeso a dziko lonse.

Chimene sindinaganizile ndi malata. Kwathu kuno munthu akamva kuti nyumba igwetsedwa, salila kaye. Amayamba wakwela padenga. Njelwa zigwe, koma malata, zitseko ndi mafelemu a mawindo sizipatsidwa kwa chigalimoto chogumula. Lachiŵili komboni yonse inali phokoso la misomali ikuzulidwa. Imeneyi inali nyengo yozizila, koma anthu anasasula madenga n'kuunjika malata pabwalo, agogo atakhala pamwamba pake kulondela. Mdala wathu anaposa onse. Anasasula denga lonse, anazula zitseko, mafelemu, ngakhale kachitseko ka chimbudzi, n'kutumiza zonse ku Mwape. Kumeneko mkamwini wake sanachedwe, anafolela nazo nyumba yake sabata yomweyo.

Atate anapita kukaona. Anabwela, anakhala kunsonga kwa mpando, n'kunena kuti, "Nyumba ija yavula chipewa."

"Ndani waivula?" anafunsa amai.

"Msewu."

"Msewu wopita kuti? Kuseli kuja kuli chigayo ndi dambo."

"Akuti tidzamva."

Ine ndinali pansi ndikuŵelenga buku mozondoka.

Sabata yotsatila kunatulukila bambo wina amene anagwilapo nchito yokupiza mbendela pa msewu wina kutali. Anaima pa ekisi ya chalichi, anaseka, n'kuuza anthu kuti ndi mbuli zenizeni. Ekisi si tsoka, anatelo, ekisi ndi chipukuta misozi. Msewu ukadya malo ako umalipilidwa chilichonse chimene chilipo: chipupa chilichonse, mtengo uliwonse wa zipatso, chitsime, ndipo koposa zonse manda. Amene mwasasula malata mwadzichepetsela nokha.

Komboni inatembenuka tsiku lomwelo. Amene anatsitsa malata anayamba kuwakwezanso, ndi misomali yopindika, ena mozondoka. Anthu anayamba kumanga. Zipupa za njelwa zosaotcha zinamela paliponse, zopanda chitseko, zopanda chifukwa, zina zotseka njila ya kuchimbudzi. Mphukila za nthochi zinasoŵa m'Nyimba monse, ndipo mukudziŵa kuti nthochi kuno sizisoŵa. Bambo wina anazika nthambi ya mlalanje n'kumangililapo malalanje ogula kumsika ndi ulusi. Nkhumba ija analeka kuilola kugona m'matope kuti ekisi ingafufutike, ankaimangilila pamthunzi ndi kuipatsa gaga wosefa.

Amene nyumba zao ndinazilumpha ndiwo anavutika mtima. Ena anagula penti wao n'kudzipentela, koma kufiila kwake kunali kosiyana, ndipo kunabadwa akatswili odziŵa kusiyanitsa ekisi yeniyeni ndi yabodza. Yeniyeni, ankatelo, ili ndi kamchila pansi kopindikila kumanja, ndicho chizindikilo cha boma. Kamchila kameneko kamabwela chifukwa ndine wamanzele. Aphunzitsi anga a masamu akhala akulimbana nako zaka zitatu. Pamene ndinakhota pothaŵa galu paja, anthu anagwilizana kuti padzakhala laundabauti, pozungulila magalimoto, ndipo mai wina anamangapo kale kantini ka zitumbuwa.

Mdala wathu analibe malata oti abwezele, ndiye analimbikila zina. Anamanga zipupa zitatu kuseli, anadzala nthochi mpaka pakhomo, ndipo pambali pa nyumba panaoneka mulu wa dothi wautali ngati munthu, wokhala ndi mtanda ndi maluŵa a pulasitiki. Atate atapita kukamukumbutsa za pangano, anawalandila ataima pakhomo popanda chitseko.

"Abambo, lomba nyumba iyi sinigulitsa. Ni ya ine na boma."

"Nanga pamuluwo mwaika ndani, amdala? Sitinamve malilo."

"Ni akale. Enze pansi, tawakweza chabe."

Atate ndi munthu amene banki inamuphunzitsa kufunsa. Anapita kumaofesi ku boma kukafunsa za msewu. Kumeneko anati sakudziŵa kalikonse, koma anatuma mnyamata wina kuti akaone. Tsoka lake, anabwela atavala chijaketi chonyezimila. Asanatsegule pakamwa anali atapatsidwa kale mpando, madzi, ndi malalanje a ulusi. Anayendela maekisi onse, n'kunena zoona zokhazokha: "Izi si zathu, ndipo palibe msewu uliwonse umene tikuudziŵa." Anthu anayang'anana, n'kumwetulila. Ngati a paboma pomwe sanauzidwe, ndiye kuti ndi za ku Lusaka. Ndiye kuti ndi msewu waukulu kwambili. Madzulo ake zipupa zinawonjezeka.

Soya anagulitsidwa. Ndalama zinakwana. Kwa nthawi yoyamba chichokele ku Petauke atate anali ndi zogulila nyumba m'manja, koma nyumbayo inalibe denga, inali ndi manda, ndipo sinali pamalonda. Zina zonse zimene anayendela zinali zodula kuposa mphamvu zao, chifukwa mbili ya msewu inakweza mitengo mbali yonseyo. Tsiku lina masana tikudya, akazi a amalume anatsokomola kunja, atate anasiya mbamu m'mbale n'kuuza amai motsitsa mau, "Mwina ine anandilembela kuti ndidzafela kuseli kwa shopu ya mlamu wanga. Mudzandinyamulile pakhomo la kutsogolo, ndidzatulukileko kamodzi." Amai anayamba kusonkhanitsa mbale.

Sanandigwile ndi nzelu. Anandigwila ndi nkhuku.

Linali Loŵeluka, ndikuthandiza amai pa siteshoni. Basi itangonyamuka, kunafika mai wina wachikulile atakwapatila thadzi lalikulu, n'kugwada pafupi ndi beseni la nthochi.

"Amai, nabwela na dandaulo. Mwana wanu wa ku misewu analumpha nyumba yanga."

"Mwana wanga wa kuti?"

"Wa ku misewu. Aneba ali na ekisi. Chimbudzi chili na ekisi. Nkhumba, amai, nkhumba ili na ekisi. Ine wamasiye nilibe. Nalakwa chani? Kankhuku aka ni ka sopo chabe, abwele apenteko, ngakhale kang'ono."

"Amai, mwasokoneza. Ine ndilibe mwana wogwila nchito. Ndili ndi uyu, wongodya."

"Ni yamene uyo. Ninamudziŵa tsiku lomwe lija. Makutu aja helemeti siingabise. Ninangoti mwana wa amai a nthochi wapeza nchito yabwino, Mulungu ni wamkulu."

Amai analandila nkhuku ija kaye, anaipatsa mnzao wogulitsa naye kuti agwile, kenako anagwila khutu limene linatchulidwalo. Sanalisiye kuchokela pa siteshoni mpaka kuseli kwa shopu. Maiyo ankatitsatila pambuyo akufunsa ngati abwana abwela lelo kapena mailo.

Atate anamvetsela zonse osaphethila. Anandipatsa kamtengo.

"Lemba ekisi pansi apa."

Ndinayesa kulemba ndi dzanja lamanja.

"Ndi dzanja lako, iwe."

Kamchila kanatuluka kokha, kokongola, kopindikila kumanja. Atate anakayang'ana nthawi yaitali.

"Nkhumba inakulakwila chiyani?"

"Inali pa mzela, atate."

Amai anandimenya ndi nthochi yaiŵisi.

Msonkhano anaitanitsa a cheyamani a komboni, pabwalo la chalichi. Anandiimika kutsogolo nditavala chijaketi ndi helemeti kuti anthu atsimikize. Nditangovala, abambo aŵili akumbuyo anavula zipewa, akazi ao n'kuwagunda ndi zigongono. Ndinafotokoza zonse. Phokoso linabuka, koma la mitundu iŵili. Theka linakwiya kuti ndinawanamiza kuti nyumba zigwa. Theka linakwiya kuti nyumba sizigwa.

"Msewu wathu uli kuti?" anakuwa mai wa kantini ka pa laundabauti. "Anayamba yekha, amalize!"

"Uyu amugula," anatelo bambo wa mbendela uja. "Akuluakulu afuna tifute maekisi kuti ndalama adye okha. Mwana wa sukulu angadziŵe kontuwa?"

Wina anati andipeleke kupolisi. A cheyamani anakweza dzanja n'kufunsa modekha kuti kupolisiko tikanena kuti anagwila tepi ndani. Ananyamula mpando ndani? Amai ena anayang'ana kumwamba. Nanga chitini cha penti, pa nyumba yoyamba, anagwila ndani?

"Ninagwila na ulemu chabe," anatelo mdala.

"Chabwino. Nanga m'manda mwanu muja muli ndani, amdala? Tifunika kudziŵa, mwina tiitane abusa."

Mdala anakanda m'mutu. "Muli zidutswa za njelwa. Na tayala."

"Tayala la ndani?" anafunsa bambo wina ataimilila. "Ine tayala langa la ngolo linasoŵa!"

Mlandu wa tayala unatenga nthawi yaitali kuposa wanga.

Anthu atabalalika, mdala anatsala atakhala pa njelwa, atafunda bulangeti. Anali atagona mwezi wathunthu wozizila m'nyumba yopanda denga kulondela zipupa zopanda pake. Malata ake sakanabwelanso, chifukwa mwana wake wamkazi anali atangobeleka pansi pa malata omwewo ku Mwape, ndipo palibe munthu amene angasasule denga pamwamba pa mdzukulu wa masiku ochepa. Nesi anali atapeza kale kwina. Panalibe wina woti angagule nyumba yopanda chipewa, ya ekisi pamphumi ndi manda pambali. Ine ndinaŵelengela mumtima kuti apa atate atchula theka la mtengo, mdala avomela, ndipo kunyumba andiphela nkhuku ya mai wamasiye ija.

Atate anakhala pa njelwa ina moyang'anana naye.

"Amdala, mtengo uja tinagwilizana uja. Ndabwela nao."

Amai anawaponda phazi. Ndinamva ine amene ndinali patali.

"Nyumba ilibe mutu, abambo," anatelo mdala.

"Ndaona."

"Ilibe na zitseko."

"Ndaona. Ine ananditulutsapo m'nyumba, amdala, anthu akuonelela. Sindingalande nyumba ya munthu ndi penti wa mwana wanga."

Amai anapondanso. Atate anangosuntha phazi. Mdala anayang'ana pansi, anapukuta mphuno ndi bulangeti, kenako anati ngati zili choncho, zipupa zitatu za kuseli awonjezapo ulele. Nthochi zonse ulele. Manda naonso ulele, koma tayala libwezedwe kwa mwini wake.

Za mapepala atate sanachite chibwana. Anapita ku boma ndi mdala, anabwelela, anapitanso, anaŵelenga tsamba lililonse chala chili pamzela, mpaka mlembi anawafunsa ngati akufuna kuliloŵeza. Tsiku losamuka amalume anatibweleka ngolo. Akazi ao anatipelekeza mpaka pamsewu, chifuwa chitapola. Kabati ya amai inaloŵa pabalaza mosavuta popeza panalibe chitseko chopinga. Atate anaika mpando pakati, anakhala, anayang'ana kumwamba kumene kunali mitambo ndi khwangwala mmodzi, n'kunena kuti nyumbayi ili ndi mpweya wabwino.

Anthu ena amati ndinawonongetsa atate denga lathunthu. Ine ndimati aŵelengenso bwino. Popanda ine, mwezi uja ukanatha, nesi akanalipila, ndipo lelo bwenzi akuyanika mayunifolomu pabwalo pathu. Ndinagulila atate nthawi mpaka soya atagulitsidwa. Kuti nthawiyo inalipilidwa ndi malata, imeneyo ndi nkhani ya mdala ndi mkamwini wake. Mfundo imeneyi ndinaifotokoza kunyumba kamodzi kokha, amai ali ndi mthiko m'manja, ndipo sindinaimalize.

Chilango chinabwela pawili. Cha a cheyamani chinali chakuti Loŵeluka lililonse ndiziyenda ndi ndowa ya laimu kufafaniza maekisi, ndi kuthandiza kukhoma malata pamene anakhomedwa mozondoka. Kukhomako ndinakhoma, ndipo tsopano ndimadziŵa kuongola msomali ndi mwala. Koma kufafaniza kunavuta. Nyumba zina anandilandila ndi tsache. "Usakhudze ekisi yanga, iwe! Wakutuma ndani?" Bambo wa mbendela anaphimba yake ndi pulasitiki kuti dzuwa lisaiwaule. Mai wamasiye uja anandikokela kuseli kwa nyumba yake n'kundinong'oneza kuti nkhuku yake tinadya, ndiye ngakhale zili zabodza ndimupenteleko kamodzi, kuti mwina mwake. Ndinabweleka penti kwa aneba ake, n'kupenta. Munthu wamasiye sakanizidwa.

Cha atate chinali chachidule. Malata tinkagula pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, kuchokela pa nthochi za amai. Oyamba anafolela chipinda chao. Otsatila pabalaza. Otsatila chimbudzi. Kenako atate anamanga kakhola ka nkhuku, nakonso anakafolela. Nditafunsa za chipinda changa anati, "Mudzamva, abwana."

Ndinakhala m'chipinda chopanda denga mpaka mvula. Sizinali zoipa monga mukuganizila. Sindinkafunika windo, sindinkafunika wotchi, ndipo fungo la masokisi linkatuluka lokha. Mvula yoyamba inagwa Lamlungu masana. Ndinakhala pabedi nditavundikila beseni la nthochi kumutu, ndikumvela ikulila pa malata a nkhuku. Mabuku anga onse ananyowa mpaka masamba kumamatilana. Lolemba aphunzitsi a masamu anafunsa homuweki, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambile sukulu ndinawauza zoona zenizeni, kuti mvula inagwa m'chipinda changa. Anati sanamvepo bodza lopusa chotelo, n'kunditumiza kukatchetcha udzu kuseli kwa ofesi.